Mwana sanalire pobadwa: yankho kwa mayi wa ku Mtakataka

 Mwati mwana wanu sanalire atangobadwa, anachedwa kuyamwa, ndipo mukufunsa ngati alipo makina oonera ubongo wake. Kalata yanu yandikhudza.

Vutoli amalitcha kubanika: mpweya umachepa mu ubongo panthawi yobadwa. Makina alipo. Ena ndi sikani ngati ija ya amayi oyembekezera. Dokotala amaika kachipangizo paliwombo, pofewa pomwe pamagunda paja, n'kuona mkati. Oonetsa bwino koposa ndi MRI, yomwe inafika koyamba m'dziko muno mu 2008, ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Imasonyeza mbali ya ubongo yovulala, makamaka pakapita masiku angapo mwana atabadwa.

Komatu mayi, chithunzi sichichiza. Chomwe ndingakupempheni n'chakuti mumuyang'anitsitse mwanayo. Kodi akukhwimitsa khosi? Akutsatira nkhope yanu ndi maso? Akamagwedezeka ngati wakhunyu, kapena akakana bere, musadikire tsiku la sikelo. Thamangirani ku chipatala cha Mua tsiku lomwelo, buku lake la kuchipatala lili m'manja, mukafotokoze zonse mmene zinayendera pobereka. Madokotala akaona kofunika kukutumizani ku chipatala chachikulu, musakane.