Kuthandiza Mwana wa Sitandade 1 Chaka Chonse: Malangizo kwa Makolo a pa Mulanje Boma

Kuyambira 1994 maphunziro a pulayimale m'sukulu za boma ndi aulere, choncho kulembetsa mwana sikuvuta. Ntchito yagona pakuti mwanayo afike mu Julaye asanajombe masabata ambiri. Kuno ku Mulanje sukulu imayenda ndi nyengo: dzuwa la Okutobala, mvula ya Januwale mpaka Malichi, kenako chiperoni. Malangizowa atsata nyengozo.

1. Lembetsani mwana akakwanitsa zaka 6, sabata yoyamba yotsegulira sukulu mu Seputembala. Tengani chikalata chobadwira kapena buku lake la kusikelo. Zomuyesa mwana pomugwiritsa khutu mkono utadutsa pamutu n'zachikale. Mwana wolowa mochedwa amapeza anzake atadutsa kale malembo oyamba, ndipo m'kalasi ya ana ambiri mphunzitsi sangabwerere m'mbuyo chifukwa cha mmodzi.

2. Gulani makope awiri ndi mapensulo awiri. Dulani pensulo iliyonse pakati, muzimupatsa chidutswa chimodzi, zinazo musunge nokha. Ana a msinkhu uwu amataya pensulo kawirikawiri. Yunifolomu ikachedwa, mwana apitebe ndi zovala zoyera zomwe ali nazo.

3. Asachoke pakhomo m'mimba muli pululu. Mbatata, chinangwa chophika, nthochi kapena mkute n'zokwanira. Ngati kusukulu kwake kumaphikidwa phala, mupatseni kapu yakeyake, ndipo tsiku lanu lophika kapena lopereka nkhuni likafika musaphonye. Mwana wanjala amangosinza.

4. Werengani naye mphindi 15 tsiku lililonse, akaweruka ndi kudya, kunja kusanade. Apa ndi pomwe pagona chaka chonse. Kuyambira 2016 sukulu za boma zikutsata ndondomeko yophunzitsa kuwerenga ya National Reading Programme, yomwe imayamba ndi liwu la lembo, kenako maphatikizo, ndiye kuti lembo lophatikizidwa ndi linzake monga ma, me, mi, mo, mu, ndipo pomaliza mawu athunthu. Tsatirani njira yomweyo. Musamuloweze alifabeti yonse ngati nyimbo monga tinkachitira ife. Mufunseni kuti lero aphunzitsi aphunzitsa lembo liti, alitchule, alilembe pansi ndi chala katatu, ndipo apeze mawu atatu oyamba ndi lembolo. Mukapita naye ku Chitakale kapena kumsika, muonetseni zikwangwani za magolosale ndi mapaketi a shuga ndi tiyi kuti alisake lembo lija. Ngati inuyo simuwerenga, khalani pambali mkulu wake azimumvetsera. Mwana amalimbikira akaona kuti bambo kapena mayi asiya zochita n'kukhala pansi chifukwa cha iye. Mphindi 15 zikakwana lekani, ngakhale zikukoma, kuti mawa adzafunenso.

5. Musonkhanitsireni zitsekerero za mabotolo 20 kapena timitengo 20 m'kathumba. Yambani kuwerenga naye zitsekerero 5, kenako 10. Masamu a Sitandade 1 amalowa m'mutu podzera m'manja.

6. Kaonaneni ndi aphunzitsi ake Okutobala asanathe, osadikira kuitanidwa pa mlandu. Funsani zinthu ziwiri: amakhala pati m'kalasi, nanga amayankha akafunsidwa? Mukaona kuti amatsinzinira poyang'ana pa bolodi kapena samva bwino, nenani kuti amukhazike kutsogolo. Misonkhano ya PTA, bungwe la makolo ndi aphunzitsi, muzipitako nokha. Zomva kwa anzanu zimafika zitapotoka.

7. Konzekerani mvula mu Disembala, pa tchuthi. Sungani majumbo awiri olimba, lina la makope lina lofunda. Yendani naye njira ya kusukulu ndi kumuonetsa poolokera pabwino. Mitsinje yochokera m'phiri monga Likhubula, Lichenya ndi Ruo, ngakhalenso timakhwawa tating'ono, imadzaza mwadzidzidzi mvula ikagwa kumtunda, pa Boma pali dzuwa. Namondwe Freddy mu Malichi 2023 anatiphunzitsa zimenezi mowawa, ndipo sukulu za m'chigawo chino zinatsekedwa. Lamulo la pakhomo likhale limodzi: madzi akafiira ndi kuthamanga, saoloka popanda wamkulu. Tsiku lotero akhale, muwerenge naye panyumba.

8. Mu Januwale, teremu yachiwiri isanayambe, gwirizanani kuti wodzutsa ndi kuperekeza mwana ndi ndani. Ino ndi nthawi yomwe tiyi amachuluka m'maesiteti, kumunda kuli kupalira, ganyu ali paliponse, ndipo makolo amalawirira kusanache. Agogo, azakhali kapena mwana wamkulu wa pafupi angathandize. Musamusiye wa Sitandade 1 kuti alere khanda. Kujomba kwa teremu imeneyi n'komwe kumabweretsa kubwereza kalasi. Ndi miyezi yanjalanso, choncho patulani ufa wa phala lake padera.

9. Agone m'neti usiku uliwonse, pofika 8 koloko akhale atagona. Thupi likatentha, pitani naye tsiku lomwelo ku chipatala cha boma cha Mulanje, ku Mulanje Mission kapena chipatala chaching'ono chapafupi akamuyeze malungo. Akapatsidwa mankhwala a malungo a LA, amwe kawiri pa tsiku kwa masiku atatu mpaka athe, ngakhale ayambe kusewera pa tsiku lachiwiri. Tumizani uthenga kwa aphunzitsi, ndipo akachira funsani malembo omwe anamudutsa.

10. Pezani juzi mu Meyi, pa kaunjika mitengo isanakwere. Chiperoni cha Juni ndi Julaye chimagwa nthawi yokonzekera mayeso otsiriza, ndipo mwana wozizidwa amakana kudzuka.

11. Potsekera mu Julaye, katengeni nokha sukulu lipoti. Musayambe ndi kufunsa nambala yomwe wakhala. Mupatseni buku lake la Chichewa awerenge mawu asanu, ndi zitsekerero zija awerenge mpaka 20. Akalephera musamukwapule, chifukwa mwana woopa buku amachedwa kwambiri kulizolowera. Funsani aphunzitsi malembo omwe akumuvuta, muwalembe pa pepala, ndipo muwabwereze limodzi mphindi 15 pa tsiku m'mwezi wonse wa Ogasiti asanalowe Sitandade 2.