Amuna anga akufuna atiulutse pa kandege kupita ku ukwati: ndivomere?

FUNSO

Alangizi,

Ndine mayi wa ana awiri. Kwathu ndi ku Malawi koma tikukhala ku Johannesburg komwe ine ndi amuna anga timagwira ntchito. Zaka ziwiri zapitazo bambo akunyumbawa analowa kalabu ya anthu oulutsa ndege zing'onozing'ono, zija za mipando inayi. Si ntchito ayi, ndi chinthu chomwe akhala akuchilakalaka kuyambira ali mwana. Ndalama zalowa zambiri koma sindinawaletse, chifukwa mowa samwa, ndipo Loweruka akachokera ku bwalo la ndege amafika pakhomo nkhope ili mwee. Miyezi inayi yapitayo analandira laisensi.

Tsopano mu Disembala muno mlamu wanga akumanga ukwati ku Mbombela. Amuna anga akuti tisavutike ndi msewu wa N4, abwereka ndege ya ku kalabu atiulutse tonse anayi, kunyamuka Lachisanu akangoweruka kuntchito. Ine mtima wanga uli m'mwamba. Chichitikireni ngozi ya ku Chikangawa ija, ndikamva kandege kakulira m'mwamba thupi limachita tsemwe. Mayi anga kumudzi anena kale kuti ndisayerekeze kukweza adzukulu awo. Ndikawauza bambowa amakhumudwa, amati sindiwakhulupirira, ndipo amati ndege ndi yotetezeka kuposa galimoto. Kodi zimenezi n'zoona? Nanga injini itazima tili m'mwamba? Ndivomere kapena ndikane?

Mayi wankhawa, Johannesburg

YANKHO

Mayi,

Ulendo uwu, mmene aukonzeramu, ukaneni. Koma musakane kuuluka ndi amuna anu mpaka kalekale, chifukwa zimenezi ndi nkhani ziwiri zosiyana, ndipo ndikufuna muzione kusiyana kwake musanakhale nawo pansi.

Zoti ndege ndi yotetezeka kuposa galimoto n'zoona tikamanena ndege zikuluzikulu zonyamula anthu, monga zomwe mumakwera pa OR Tambo popita ku Chileka kapena ku Lilongwe. Zimenezo zimakhala ndi oyendetsa awiri, injini ziwiri, makina oonera mphepo ndi mvula zili kutali, komanso gulu la anthu pansi loyang'anira ulendo wonse. Kandege ka ku kalabu kali ndi injini imodzi ndi munthu mmodzi, yemwe aganize yekha za nyengo, mafuta, katundu ndi njira. Mukawerengera maola a paulendo, kuuluka kotereku kuli ndi chiopsezo chachikulu kuposa kuyenda pa galimoto. Izi amuna anu anaphunzitsidwa, ndipo sayenera kuchita manyazi kuzivomera.

Za injini ndiyankha mwachidule, popeza si kumene kuli vuto lalikulu. Injini ikazima ndege sigwa pomwepo. Mapiko amagwirabe ntchito, ndege imatsetsereka pang'onopang'ono. Cessna 172, yomwe makalabu ambiri amagwiritsa ntchito ndipo inayamba kupangidwa mu 1956, ikakhala mamita 1,000 kuchokera pansi imatha kuyenda pafupifupi makilomita 9 injini ili chete. Woyendetsa amakhala ndi mphindi zingapo zosankha munda kapena malo ena osalala n'kuteramo. Amuna anu anayeserera zimenezi kambirimbiri, mphunzitsi akuchepetsa mphamvu ya injini mwadzidzidzi, ndipo sakanakhoza mayeso akanalephera. Masana, kunja kukuoneka bwino, anthu ambiri amatuluka amoyo pa vuto lotere.

Chomwe chikundidetsa nkhawa ine ndi mitambo. Laisensi yoyamba ya munthu wouluka mwa yekha, yomwe ku South Africa imafuna maola osachepera 45 a m'mwamba, imamulola kuuluka poona ndi maso: aone pansi, aone mapiri, aone pomwe thambo lakumana ndi dziko. Kuuluka usiku kuli ndi maphunziro ake apadera. Kuuluka m'kati mwa mitambo modalira mawotchi a kutsogolo okha kulinso ndi maphunziro ena, aatali ndi odula. Munthu wa miyezi inayi kawirikawiri amakhala alibe zonse ziwirizi. Afunseni.

Anthu ambiri samvetsa chifukwa chake mtambo, chinthu chofewa chopanda mwala m'kati, umapha. M'kati mwa khutu la munthu muli timachubu ta madzi tomwe timauza ubongo ngati thupi lapendekeka. Timachubuti timagwira bwino ntchito maso akamatithandiza. Ndege ikalowa mu mtambo, mawindo onse amangoti mbuu. Phiko limodzi limayamba kutsika pang'onopang'ono, mochedwa kwambiri moti khutu silimva kanthu. Woyendetsa amakhulupirira ndi mtima wonse kuti akuuluka mowongoka pomwe ndege yayamba kale kuzungulira, mphuno ikuloza pansi. Amamva mphepo ikulira kwambiri, liwiro likukwera, ndiye amakoka chiwongolero kuti akwere, koma popeza ndege yapendekeka, kukokako kumangowonjezera kuzungulira. Mu 1954 akatswiri a pa University of Illinois ku America anayesa oyendetsa ndege 20 omwe sanaphunzire kudalira mawotchi, powatchinga kuti asaone kunja. Onse analephera kuiwongola ndege, ndipo mwa avereji zinawatengera masekondi 178 okha, osakwana mphindi zitatu. Umu ndi mmene anafera John F. Kennedy Jr. wa ku America, akuyendetsa yekha kandege, pa 16 Julayi 1999, pamodzi ndi mkazi wake ndi mlamu wake. Ananyamuka Lachisanu madzulo mochedwa kuposa mmene anakonzera, kunja kuli kachifunga, mdima n'kumupeza pamwamba pa nyanja pafupi ndi Martha's Vineyard. Ulendowo unali wopita ku ukwati wa m'bale wake.

Ena akaona mtambo salowamo, amatsika kuti adutse kunsi kwake. Mtambo ukatsikanso, nawo amatsika, mpaka mpata wa pakati pa mtambo ndi nthaka utha. Ngozi ya ku Chikangawa ya pa 10 Juni 2024, yomwe inatenga miyoyo ya Dr. Saulos Chilima ndi anthu ena asanu ndi atatu, inali ya ndege ya asilikali ya injini ziwiri, Dornier 228, osati kandege ka kalabu. Komabe akatswiri a ku Germany omwe anafufuza ananena kuti ndegeyo inkauluka motsika nyengo ili yoipa, inalowa poti sipankaoneka, n'kugunda malo okwera. Mantha anu sanachoke pachabe, Mayi.

Tsono taonani njira yomwe amuna anu akufuna kudutsa. Johannesburg ili pamwamba, mamita oposa 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, pomwe Mbombela ili kunsi, kuchigwa. Pakati pake pali mzere wa mapiri a Mpumalanga, ena opitirira mamita 2,000. Mphepo yachinyontho yochokera ku Indian Ocean ikawomba, imakwera mapiriwo n'kusanduka chifunga chokhuthala, monga mmene chiperoni chimaphimbira Thyolo ndi Mulanje pomwe ku Nchalo dzuwa likuswa mtengo. Mutha kunyamuka ku Johannesburg thambo lili lambee, n'kukapeza khoma la mtambo pamapiripo. Mzere womwewu, chakumpoto kwake, ndi womwe unapha anthu 13 pa 14 Ogasiti 2011, pamene ndege ziwiri za Piaggio Albatross zochokera ku chionetsero cha ndege ku Tzaneen, zikubwerera ku Rand Airport, zinagunda phiri la Wolkberg m'mitambo. Oyendetsa ake sanali ophunzira kumene. Onjezerani apo kuti Disembala ndi nthawi ya dzinja, pomwe masana ndi madzulo kudera la Johannesburg kumabuka mvula ya mabingu ndi matalala. Kandege sikalimbana ndi mtambo wa mabingu, kamauzungulira patali kapena kukhala pansi. Kunyamuka Lachisanu munthu ataweruka, atatopa ndi sabata yonse, dzuwa litapendeka, ndiye kusankha ola loipitsitsa pa tsiku lonse.

Palinso kulemera. Mipando inayi sitanthauza anthu anayi ndi masutikesi awo. Cessna 172 imanyamula pafupifupi makilogalamu 400, kuphatikizapo mafuta. Mathanki akadzaza, malita pafupifupi 200, mafuta okhawo amadya makilogalamu oposa 140. Otsalawo mugawane inu, bambo, ana, zovala za ukwati ndi mphatso. Ndipo kukatentha mpweya umapepuka: pa tsiku la madigiri 30, ndege yonyamuka pa Rand Airport imachita ngati ili pa mamita oposa 2,500, injini itataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a mphamvu zake. Imathamanga mtunda wautali isanadzuke, ndipo ikadzuka imakwera mokakamizika. Masamu amenewa amalembedwa papepala ulendo usanayambe, ndipo muli ndi ufulu wopempha kuti akuonetseni.

Koma chachikulu pa zonse ndi ukwatiwo. Munthu wouluka Loweruka mongosangalala akaona mitambo amabweza ndege m'shedi n'kukamwa tiyi, palibe chomwe wataya. Munthu amene mlongo wake akukwatiwa mawa, abale akudikira pa bwalo la ndege ndi mafoni m'manja kuti ajambule achimwene akutera, ana ali kumbuyo akusangalala, mkazi yemwe ankakayika wavomera movutikira, munthu ameneyo kubwerera kumamuvuta koopsa. Amayamba kudziuza kuti mwina kutsogoloko kwayera, tiyeni tingoonako pang'ono. Ngozi zambiri za nyengo zimayamba ndi mawu amenewa, ndipo amawanena ndi anthu anzeru, osamala, okonda mabanja awo. Woyendetsa watsopano sanazolowere kukhumudwitsa anthu. Luso limenelo limabwera mochedwa kuposa luso lotera bwino.

Apa ndi pomwe kalabu imathandiza, ngati ili kalabu yabwino. Anthu akunja amaona ngati ndi malo ongootchera nyama ndi kucheza za ndege, ndipo n'zoona kuti macheza ndi ambiri. Koma m'machezamo ndi momwe wachinyamata amamva kwa akuluakulu kuti chigwa chakuti usalowemo mphepo ikachokera kum'mawa, kapena kuti uje anabwerera panjira sabata yatha ndipo palibe anamuseka. Bungwe la boma loyang'anira za ndege, SACAA, limasindikiza malipoti a ngozi kuti aliyense awerenge, ndipo makalabu ambiri amakhala ndi madzulo okambirana malipotiwo. Aero Club of South Africa, yomwe inayamba mu 1920, imasonkhanitsa magulu a anthu ouluka mongokonda. Kalabu yomwe ndimaiopa ine ndi yomwe anthu amatamandana chifukwa chodutsa motsika pamwamba pa nyumba za anzawo, kapena chifukwa choboola nyengo yomwe ena anaiopa. Ngati amuna anu amabwera ndi nkhani zotero akuseka, dandaulani. Ngati amabwera n'kunena kuti lero sitinauluke, mphepo inali yoipa, mtima wanu ukhale m'malo.

Pitani nawo ku kalabuko Loweruka lina. Muone mmene amayenderera ndege asanakwere. Woyendetsa wosamala amazungulira ndege yonse ndi pepala m'manja, kugwira mapiko, kuyang'ana matayala, kuona oyilo. Amakwera pa kamakwerero, kutsegula chivindikiro cha thanki pamwamba pa phiko n'kuviika kamtengo koyezera, chifukwa wotchi ya mafuta ya m'ndege zazing'ono siyodalirika. Kenako amatenga kabotolo koonekera, kutapa nako mafuta pang'ono kunsi kwa phiko, n'kukweza m'mwamba kuti aone padzuwa. Mafuta a ndegezi ndi obiriwira mwa buluu. Ngati muli madzi, amakhala pansi pa kabotoloko, kadontho koyera kosasakanikirana ndi mafuta, ndipo amakhetsa mpaka madziwo atha. Munthu amene amachita zimenezi mosathamanga, osayankha foni, osalola kuti mumulankhulitse, ndi amene mungamupatse ana anu tsiku lina. Mupemphenso kucheza ndi mphunzitsi wawo wamkulu, amuna anu ali pomwepo, ndipo mumufunse mosabisa ngati iye angalole wophunzira wake wa miyezi inayi kudutsa mapiri a Mpumalanga madzulo a Disembala ndi banja lonse. Aphunzitsi amakonda mafunso otere, ndipo mawu omwe bambo angakhumudwe nawo akachokera kwa inu, adzawalandira akachokera kwa mnzawo wa m'mwamba.

Polankhula nawo kunyumba musayambe ndi Chikangawa kapena ndi uthenga wa mayi anu, chifukwa adzangomva kuti mukuwayesa mwana. Auzeni kuti mukufuna kuuluka nawo, ndipo mutchule tsiku. Ulendo woyamba ukhale wa inu awiri, m'mawa kusanatenthe, thambo lili loyera, mphindi 30 kapena 40 kuzungulira pafupi n'kubwerera pomwe munanyamuka. Malamulo amafuna kuti wonyamula anthu akhale atanyamuka ndi kutera katatu m'masiku 90 apitawo, choncho aonetseni chidwi poona buku lawo la maola. Ana adzakwere pambuyo, mmodzimmodzi, atavala mahedifoni oteteza makutu. Za ku Mbombela, ayambe apitako ndi mphunzitsi, aone okha mmene mapiriwo amasinthira nkhope, ndipo ngati ndalama zilipo awonjezere maphunziro a usiku ndi a mawotchi. Mugwirizanenso lamulo limodzi la banja lanu: aliyense wa inu akanena kuti tibwerere, mukubwerera, popanda kufunsana zifukwa muli m'mwamba.

Ku ukwati wa alamu anuwo pitani pa galimoto. Ndi maola anayi okha pa N4, ndipo munyamuke kukadali kowala.

Mlangizi wanu