Magetsi Akathima, Kodi Galimoto Ingaunikire Nyumba?

Woulutsa: Kalata yoyamba yachokera kwa mayi wa ku Mamelodi. Akuti: "Bambo a kunyumba amayendetsa Uber. Magetsi akathima, kodi galimoto yawoyo singatiyatsire filiji ndi ketulo?"

Katswiri: Zikomo mayi. Kwanu kumeneko mukukumbukira Epulo 2023, pamene nsanja za mawaya a magetsi zinagwera pamsewu wa N4, madera akum'mawa kwa Pretoria n'kukhala mumdima masiku angapo, kuwonjezera pa kuthimitsa magetsi mosinthanasinthana (load shedding) kwa kampani ya magetsi ya Eskom. Galimoto ingathandize, koma pang'ono. Batire yake imatulutsa mavoti 12, pomwe zipangizo zam'nyumba kuno zimafuna 230, ndiye pakati pamafunika inveta. Mukailumikiza pa kabowo kotchajira foni kam'galimoto, musapyole mawati 120, apo ayi fyuzi ipsa. Amenewo akwanira foni, laputopu, rauta ndi mababu a LED. Filiji imafuna inveta yokulirapo, ya pure sine wave, yomangidwa pa batire penipeni ndi mawaya onenepa, afupiafupi, injini ikulira. Ketulo iiwaleni: imadya mawati pafupifupi 2000, mphamvu imene alternator ya galimoto yaing'ono singakwanitse. Madzi wiritsani pa gasi. Komanso batire ya galimoto anaipangira kuliza injini basi. Mukaikama usiku wonse injini ili chete, m'mawa galimoto ikana kudzuka, bambo n'kuluza ndalama za tsikulo.

Woulutsa: Bambo wina wa ku Soshanguve akuti amaopa akuba, choncho amaliza injini m'galaja atatseka chitseko.

Katswiri: Bambo, chonde lekani lero lomwe. Utsi wa injini uli ndi mpweya wa carbon monoxide. Suoneka, sununkha. Umalowa m'nyumba kudzera pansi pa chitseko, munthu amangomva mutu ndi tulo, osadzukanso. Ana ndi amene amayamba kufooka. Ngakhale chitseko cha galaja chikhale chotsegula, sizokwanira. Galimoto ikhale panja, kutali ndi mawindo, paipi ya utsi italoza kwina. Nkhawa ya akuba ndikuimvetsa, si yongopeka. Khalani pafupi, ilizeni ola limodzi kapena awiri kuti filiji izizire, kenaka zimitsani, mukhome.

Woulutsa: Yomaliza ndi ya mnyamata wochita lendi kuseri kwa nyumba ku Atteridgeville. Mnzake anamupangira chingwe chokhala ndi pulagi mbali zonse ziwiri, kuti inveta izilowa pa soketi yapakhoma.

Katswiri: Achimwene, chingwe chimenecho chiduleni, mutaye. Mano a pulagi yachiwiriyo amakhala ndi moto poyera, mwana akagwira ndi maliro. Chachiwiri, magetsi anuwo amabwerera m'mawaya a mumsewu, kumene wantchito wa khonsolo ya City of Tshwane angakhale akukonza poganiza kuti mulibe moto. Magetsi akabwera mwadzidzidzi, inveta ija imapsa, mwinanso ndi nyumba ya eni ake. Njira yovomerezeka ndi changeover switch, yoikidwa ndi wamagetsi wolembetsedwa amene akupatseni Certificate of Compliance. Poti muli pa lendi, ingokokani ekisitenshoni kuchokera pa inveta mpaka pa chipangizo chimene mukufuna. Ndalama zikapezeka, gulani batire yapadera ya deep cycle kapena ya lithium, yoti muziitchaja magetsi akakhalapo. Imatuluka yotchipa kusiyana ndi kuwotcha petulo galimoto itangoima pabwalo.