Timu ya mpira ya pa foni: ndalama tiziike pa malo ati?

Ku Longacres mumzinda wa Lusaka, Lachisanu nthawi ya nkhomaliro, anthu ambiri a m'maofesi amakambirana za mpira maso ali pa foni. Amakhala akukonza timu zawo za Fantasy Premier League. Masewerawa anayamba mu 2002, ndipo kulowamo n'kwaulere. Munthu amasankha osewera enieni a mu ligi ya ku England, ndipo zimene osewerawo achita pabwalo zimasanduka mapointi ake.

Aliyense amapatsidwa mapaundi 100 miliyoni ongoyerekeza. Ndi ndalama zimenezi amagula osewera 15: magoloboyi 2, otchinga kumbuyo 5, osewera pakati 5 ndi akutsogolo 3. Ku kalabu imodzi saloledwa kutengako oposa 3. Sabata iliyonse amasankhapo 11 oti ayambe masewero. Ndalamazi sizikwanira kugula akatswiri okhaokha, choncho funso lalikulu ndi lakuti: ndi malo ati oyenera kuwonongerapo zambiri?

Yankho lili m'malamulo a mapointi. Wosewera aliyense amene wakhala m'bwalo mphindi 60 kapena kuposerapo amapeza mapointi 2. Koma chigoli chimalipidwa mosiyana. Wakutsogolo akamwetsa amapeza 4, wapakati 5, wotchinga kumbuyo 6. Wopereka mpira umene wadzetsa chigoli amapeza 3, kaya amasewera pati.

Ambiri oyamba kumene amathamangira akutsogolo, poti ndiwo amatchuka ndi zigoli. Tiyeni tiwerengere limodzi. Mu nyengo ya 2022/23, Erling Haaland wa Manchester City anamwetsa zigoli 36. Iye ndi wakutsogolo, ndiye tichulukitse 36 ndi 4, tipeza 144. Mu 2024/25, Mohamed Salah ali ku Liverpool anamwetsa zigoli 29. Ngakhale pabwalo ankasewera kutsogolo chakumanja, masewerawa anamulemba kuti ndi wapakati. Tikachulukitsa 29 ndi 5 tipeza 145. Salah anachepekeredwa ndi zigoli 7, komabe pa zigoli zokha anaposa Haaland ndi pointi imodzi. Kuwonjezera apo, wapakati amalandira pointi 1 timu yake ikapanda kumwetsedwa, pamene wakutsogolo salandira kanthu. Nyengo imeneyo Salah anamaliza ndi mapointi 344, ndipo Haaland pa nyengo yake ija anali ndi 272.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Wosewera amene walembedwa kuti ndi wapakati, koma mphunzitsi wake amamuika pafupi ndi golo la adani, ndiye woyamba kumufunafuna. Musangoyang'ana dzina. Onani malo amene alembedwa pa foni, kenako onerani pamene amaima mpira ukayamba.

Otchinga kumbuyo anthu amawapeputsa, koma si bwino kutero. Timu ikamaliza masewero osamwetsedwa, wotchinga amene wasewera mphindi 60 amapeza mapointi 4 pamwamba pa 2 aja, onse pamodzi 6. Wakutsogolo amene wasewera mphindi 60 n'kumwetsa chigoli chimodzi amapezanso 6. Komatu wotchinga wotsika mtengo amayambira pa mapaundi 4 miliyoni, pamene Haaland anafika pa 15 miliyoni mu 2024. Vuto lake ndi lakuti phindu la wotchinga limadalira anzake onse. Mnzake mmodzi akalakwitsa mpira utatsala pang'ono kutha, mapointi 4 aja apita, ndipo pa zigoli 2 zilizonse zimene timu yamwetsedwa amachotsedwa pointi 1. N'chifukwa chake ndi nzeru kusankha otchinga a m'mbali amene amakwera kukaponya mipira pagolo, monga ankachitira Trent Alexander-Arnold ku Liverpool. Oterewa ali ndi njira ziwiri zopezera mapointi. Kuyambira nyengo ya 2025/26, wotchinga amene walanda, kuchotsa kapena kutsekereza mpira maulendo 10 m'masewero amodzi amapezanso mapointi 2.

Pa goloboyi musataye ndalama. Mitengo yawo imayandikana, ndipo wa timu yaing'ono amawomberedwa mipira yambiri. Akagwira mipira 3 amapeza pointi 1, akagwira penate amapeza 5. Wachiwiri nthawi zambiri amangokhala pa benchi, choncho gulani wotsika mtengo kwambiri.

Palinso kaputeni, amene mapointi ake amawerengedwa kawiri. Ichi ndicho chifukwa chokhalira ndi katswiri mmodzi kapena awiri okwera mtengo, osati anayi. Kugula timu kuli ngati kugula ndiwo za mwezi: mukathera zonse pa nyama ya sabata yoyamba, masabata enawo mudzavutika.

Mtima nawo umakoka. Mu 2021, Patson Daka atapita ku Leicester City ndipo Enock Mwepu ku Brighton, zinali zachibadwa kuti mwana wa Zambia afune kuwaika m'timu yake. Kunyadira wakwanu n'kwabwino, ndipo malo a mmodzi angapezeke. Koma funsani kaye ngati amayamba masewero kawirikawiri, chifukwa wokhala pa benchi sabweretsa mapointi.

Pali mtundu wina wa masewerawa wotchedwa Draft. Kumeneko kulibe mitengo. Inu ndi anzanu a mu ligi imodzi mumasankha mosinthana, ndipo wosewera akatengedwa ndi mmodzi, ena sangamutengenso. Apa chofunika ndi kusowa kwa osewera. Akutsogolo oyamba masewero sabata iliyonse ndi ochepa, poti makalabu ambiri amaseweretsa mmodzi yekha, pamene otchinga amakhala anayi kapena asanu. Choncho tengani wakutsogolo wabwino msanga, goloboyi mudzamupeza kumapeto.

Tsopano tengani kope ndi pensulo. Wotchinga wasewera mphindi 90, wamwetsa chigoli chimodzi, ndipo timu yake sinamwetsedwe. Wapeza mapointi angati? Nanga akanakhala kaputeni, akanapeza angati? Mukamaliza, yerekezani mayankho ndi mnzanu amene mwakhala naye pafupi. Ngati muli ndi timu pa foni, kumbukirani kuti zosintha zonse zimatsekedwa kutatsala mphindi 90 kuti masewero oyamba a sabatayo ayambe.