Malikisi a pausinkhu wa zaka 16 amamutsata munthu mpaka kusukulu ya udokotala



M'phunziro lino tiona dongosolo lina la ku America lomwe limakopa makolo ambiri. Kumeneko mwana wa kusekondale amaloledwa kutenga maphunziro ena a kukoleji asanamalize sukulu. Amalitchula kuti dual enrollment. Ubwino wake ngodziwikiratu: mwana amazolowera msanga ntchito ya kukoleji, ndipo nthawi zambiri fizi yake imakhala yochepa. Koma kwa wofuna udokotala pali mbuna.

Ku America munthu salowa sukulu ya udokotala akangochoka kusekondale. Amayamba wapeza digiri ya zaka zinayi, n'kulemba mayeso a MCAT. Akatero, ambiri amafunsira malo kudzera ku AMCAS, ofesi imene imalandira makalata m'malo mwa sukulu zochuluka za udokotala. AMCAS imafuna chikalata cha malikisi kuchokera kukoleji iliyonse ya m'dzikolo imene munthu anaphunzirako, ngakhale ija analowako akadali kusekondale.

Malikisiwo amawawerengera pamodzi ndi a digiri. A amakhala 4.0, B ndi 3.0, C ndi 2.0. Kuwonjezera apo, biology, chemistry, physics ndi masamu amaziwerengeranso pazokha, chifukwa ndi zimene osankha amayang'anitsitsa.

Tiyerekeze mtsikana wa zaka 16 amene watenga chemistry wa kukoleji, ntchito n'kumuchulukira, n'kupeza C. Patapita zaka ziwiri wabwereza phunziro lomwelo n'kupeza A. Koleji yake ikhoza kufufuta C uja, koma AMCAS imawerenga onse awiri, ndipo pakati pake pamatuluka 3.0. Chimene chinachitika ali mwana chamupeza ali ndi zaka 22.

Tisasokoneze izi ndi maphunziro a AP, amene mayeso ake amachongedwa kuyambira 1 mpaka 5. Amenewa salowa m'chiwerengero chija, komabe sukulu zina za udokotala siziwalandira m'malo mwa sayansi ya kukoleji.

Nanga bwanji osangobisa koleji yoyambayo? Ayi. Wofunsira malo amatsimikiza kuti zonse walemba n'zoona, ndipo wopezeka atabisa akhoza kutaya malo amene anapatsidwa kale. Ife timadziwa kuti imeneyi ndi nkhani ya amana. Amene wabisa C mmodzi lero, mawa tidzamukhulupirira bwanji ndi moyo wa wodwala?

Makolo amene muli ndi ana kapena abale kumeneko, musamuunjikire mwana maphunziro kuti anthu amutame. Kuthamanga sikufika. Ayambe ndi limodzi limene angathe, ndipo zikavuta afunse msanga tsiku lomaliza losiyira phunziro malikisi asanalembedwe.

Funso lokambirana m'kalasi: mukanakhala mtsikana uja, mukanawafotokozera bwanji osankha za C wanu popanda kunama?