Phunziro 9: Kuphunzitsa mazenera a pa kompyuta m'chilankhulo cha mwana

Mawu akuti zenera si achilendo m'makutu mwa mwana wolankhula Chinyanja. Anachokera ku mawu a Chipwitikizi akuti janela, monga momwe nsapato inachokera ku sapato, ndipo anakhazikika kalekale moti agogo athu sawaona ngati obwereka. Choncho mphunzitsi wa ku Lione akayatsa kompyuta, n'kuloza chimene chatseguka pa sikirini, n'kunena kuti "ili ndi zenera", amaganiza kuti ana amva. Komatu zenera limene mwanayo akulidziwa lili pakhoma, silisuntha, ndipo ntchito yake ndi kulowetsa mphepo ndi kuwala. La pa kompyuta limakokedwa, limakula, limachepa, ndipo limabisala kumbuyo kwa linzake. Dzina lokha silimuuza mwana zimenezi. Phunziro lino likuthandizani kufotokoza m'chilankhulo cha ophunzira anu zimene zeneralo limachita.

Ndi bwino kudziwa kumene maonekedwe amenewa anachokera. Makompyuta akale ankalamulidwa polemba mawu, ndipo munthu ankayenera kuloweza malamulo ambirimbiri pamtima. Mu 1968 Douglas Engelbart anaonetsa mausi pamaso pa gulu la anthu ku San Francisco. Mu 1973 akatswiri a kampani ya Xerox anapanga kompyuta yotchedwa Alto, yokhala ndi mausi ndi zithunzi pa sikirini. Apple inatulutsa Macintosh mu 1984, ndipo Microsoft inatulutsa Windows mu 1985. Anthu amenewa ankapangira ogwira ntchito m'maofesi, n'chifukwa chake anafanizira sikirini ndi tebulo la mu ofesi: mapepala osanjikizana, mafoda osungiramo makalata, ndi dengu lotayamo zinyalala. Kwa kalaliki fanizoli ndi losavuta. Mwana wa mlimi wa chimanga ndi nyemba sanakhalepo pa tebulo lotero, ndiye fanizo limene linapangidwa kuti lipeputse zinthu limasanduka mwambi wina wofunika kuumasulira.

Pamwamba pa izi pali nkhani ya chilankhulo cha makinawo. Kompyuta yoikidwa Chipwitikizi cha ku Portugal imalemba Guardar, ficheiro ndi Reciclagem. Yoikidwa cha ku Brazil imalemba Salvar, arquivo ndi Lixeira pa zinthu zomwezo. Ina, yogulidwa kwa munthu amene anaigwiritsapo kale ntchito, imangolankhula Chingerezi. Mwana amene analoweza liwu lakuti Guardar osamva tanthauzo lake adzasowa pogwira akadzakumana ndi Save. Amene anamvetsa kuti "kusunga" ndi kuika ntchito yake pamalo poti singafufutike magetsi akazima, adzafunafuna yekha batani lake pa makina alionse. Mfundo imeneyi ndi yomwe ija imene maphunziro a zilankhulo ziwiri anayambirapo m'dziko muno, kuyambira pa ntchito yoyeserera ya PEBIMO ya 1993 mpaka 1997, imene inagwiritsa ntchito Chinyanja ku Tete ndi Chichangana ku Gaza: ganizo lizike mizu m'chilankhulo cha kunyumba, dzina la Chipwitikizi libwere pambuyo. M'dera la Lichinga ana ambiri amalankhula Chiyao kunyumba, ndipo njira ili m'munsiyi ndi yomweyo, ingosinthani mawu.

Musayambe ndi kompyuta. Ngakhale sukulu yanu ili nayo imodzi, ana makumi asanu sangaone kachizindikiro kochepa ngati njere ya mapira ali kumbuyo kwa kalasi. Tengani mapepala atatu aakulu kapena makatoni. Pa lililonse jambulani mzere wopingasa kumtunda, lembani dzina m'kati mwa mzerewo, ndipo kumapeto kwake kudzanja lamanja jambulani zizindikiro zitatu: kamzere, kabokosi ndi X. Bolodi likhale sikirini, ndipo m'munsi mwake jambulani mzere wautali umene Chipwitikizi chimautcha barra de tarefas. Ophunzira atatu agwire mapepalawo pabolodi mosanjikiza. Kenaka funsani kalasi kuti: "Ndikafuna kulemba tsopano, choko changa chigwera pa pepala liti?" Onse adzaloza lapamwamba. Pamenepo amvetsa kale chinthu chimene chimasokoneza ngakhale akuluakulu, chakuti zilembo za pa kiyibodi zimapita ku zenera limodzi lokha, limene lili patsogolo, ndipo kudina pa zenera lina ndiko kulibweretsa patsogolo.

Kusuntha zenera n'kosavuta: aligwire pa mzere wa dzina, osati pakati. Kabokosi kamalikulitsa kuti lidzaze sikirini yonse, ndipo kukadinanso kumalibwezera msinkhu wake wakale. Izi musatayirepo nthawi.

Pofunika kukhalitsa ndi pa kamzere ndi X, chifukwa kwa wophunzira zonse ziwiri zimaoneka ngati zachita chinthu chimodzi: zenera lasowa. Mwana akadina kamzere mwangozi, ntchito yake n'kuzimiririka, amachita mantha, amabisa manja pansi pa desiki poganiza kuti waononga katundu wa sukulu, ndipo ena safunanso kukhudza mausi. Mawu a Chipwitikizi akuti minimizar sathandiza kwenikweni, ndipo kuwamasulira kuti "kuchepetsa" kumasocheretsa, poti mwana amayembekezera kuona zenera laling'ono koma saona kanthu. Ine ndimakonda kunena kuti "kuika pambali". Wogwira pepala alitsitse n'kulisiya pa mzere wa m'munsi uja, dzina lake likuonekabe, kenaka mnzake adzalidzutse. Zili ngati mayi amene wavundikira mphika n'kuuika pambali pa moto, ndiwo zikadalimo. X ndi kutseka: pepala lichoke pabolodi n'kubwerera m'chikwama. Ngati zolembedwazo zinasungidwa, zidzapezekanso. Ngati sizinasungidwe, pulogalamu yolembera imatulutsa kazenera kofunsa, kokhala ndi mayankho atatu: kusunga, kusasunga, kapena kuleka kutsekako. Ana ambiri amadina paliponse kuti kazenerako kachoke msanga. Aphunzitseni kuti kompyuta ikafunsa funso, dzanja lichoke pa mausi kufikira funsolo litawerengedwa ndi kumasuliridwa mokweza.

Nanga mausi timutche chiyani? Chipwitikizi chimati rato, ndipo ana akamva kuti ndi khoswe kapena mbewa amaseka. Alekeni aseke, sadzaiwala. Chachikulu n'chakuti kalasi igwirizane pa liwu limodzi ndi kulisunga chaka chonse. Kumbukiraninso kuti ana amene anagwirapo foni ya makolo awo anazolowera kukhudza galasi ndi chala, ndipo pa foni pulogalamu imodzi imadzaza sikirini yonse. Ameneŵa adzafuna kukanikiza sikirini ya kompyuta, ndipo kudina kawiri mofulumira kudzawavuta. Ayesere kugogoda chala kawiri pa desiki asanagwire mausi.

Mukafika pa kompyuta yeniyeni, ana abwere asanu asanu. Mmodzi agwire mausi, wina amulamule m'chilankhulo chawo, ndipo wachitatu atchule liwu la Chipwitikizi limene likuoneka. Inu musagwire mausi, ngakhale mwana achedwe bwanji.

Ntchito yanu musanabwere ku phunziro lotsatira: lembani m'Chinyanja kapena m'Chiyao momwe mungafotokozere kusiyana kwa kuika pambali ndi kutseka, osagwiritsa ntchito liwu lililonse la Chipwitikizi. Mukawerengere munthu wamkulu wa kwanu amene sanagwirepo kompyuta, ndipo mulembe pamene anakuimitsani kuti afunse.