Phunziro la Mbiri: Zaka za Nsautso ku America, 1929–1941

Mphunzitsi wa mbiri m'sukulu ya sekondale akafika pa nkhani ya America wamakono, kawirikawiri apeza kuti ana ake adziwa dzikolo ngati la anthu olemera okhaokha. N'chifukwa chake nkwabwino kuyambira pa zaka za nsautso, pakuti m'menemo muoneka poyera m'mene chuma cha dziko chigumukira, ndi amene chiyamba kuwagwera.

Chiyambi chake

M'zaka za m'ma 1920 mafakitale a ku America ankapanga galimoto, mawailesi ndi katundu wina wochuluka, ndipo anthu ankagula zambiri pa ngongole. Ena ankakongola ndalama zogulira masheya pa msika wa ku New York, poyembekeza kudzawagulitsa pa mtengo wokwera. Alimi okha anali kale m'mavuto, popeza mtengo wa tirigu ndi thonje udatsika itatha nkhondo yaikulu yoyamba. Pa 24 ndi pa 29 October 1929 mitengo ya masheya inagwa koopsa. Okongola aja analephera kubweza, ogula anachepa, mafakitale nayamba kuchotsa antchito. Wochotsedwayo analeka kugula, ndipo kuleka kwakeko kunachotsetsa mnzake. Pofika 1933 munthu mmodzi mwa anthu anayi alionse oyenera kugwira ntchito analibe ntchito.

Kuonetsa kugwa kwa banki

Pakati pa 1930 ndi 1933 mabanki pafupifupi 9,000 anagwa. Mwana akangomva nambala yotere aiwala msanga, koma akaona ndi maso m'mene zinachitikira saiwala. Mphunzitsi asankhe mwana mmodzi akhale banki, ena khumi asungitse kwa iye timiyala khumi aliyense. Pa timiyala 100 timeneti banki ikongoze ana ena 80, nisunge 20. Mmodzi kapena awiri akadzatapa zawo, zonse ziyenda bwino. Tsono mphunzitsi anong'oneze kuti banki ili pafupi kugwa. Onse khumi athamangira pamodzi, awiri oyamba alandira, asanu ndi atatu abwerera chimanjamanja. Apo ana azindikira okha kuti mantha angathe kugwetsa ngakhale banki yosaba kanthu.

Zimene boma linachita

Franklin D. Roosevelt analowa upulezidenti pa 4 March 1933 m'malo mwa Herbert Hoover, ndipo ntchito zake zidziwika ndi dzina lakuti New Deal. Anatseka mabanki onse masiku angapo, nalola olimba okha kutsegulanso. Chaka chomwecho boma linakhazikitsa bungwe la FDIC lotsimikizira osungitsa kuti ndalama zawo sizidzatayika banki ikagwa. Anyamata pafupifupi 3 miliyoni analowa m'gulu la Civilian Conservation Corps kukadzala mitengo ndi kuteteza nthaka. Ankalandira madola 30 pa mwezi, ndipo madola 25 mwa amenewo ankatumizidwa kwa abale awo. Mu 1935 lamulo la Social Security linayambitsa penshoni ya okalamba ndi chithandizo cha ochotsedwa ntchito.

Amene anatsala kunja

Pano mphunzitsi asafulumire, pakuti walira mvula walira matope. Pofuna kukweza mitengo ya mbewu, lamulo la 1933 linkalipira eni minda kuti achepetse kulima. Eni minda ambiri a kummwera analandira ndalamazo nathamangitsa alimi osauka amene ankalima thonje pa minda yawo mogawana zokolola, ndipo ambiri mwa othamangitsidwawo anali anthu akuda. Lamulo la Social Security nalonso poyamba silinawerengere antchito a m'minda ndi a m'nyumba. M'zigwa za Oklahoma, Kansas ndi Texas chilala chinapeza nthaka yogalauzidwa mopambanitsa, mphepo niiulutsa. Pa 14 April 1935 fumbi linadetsa dzuwa masana. Mabanja ambirimbiri anasamukira ku California kukafuna maganyu. Osauka ena anathandizidwa ndi anthu wamba: mu 1933 Dorothy Day ndi Peter Maurin anayambitsa Catholic Worker ku New York, natsegula nyumba zodyetseramo ndi kugonekamo osowa.

Mlandu woti ana aweruze

Akatswiri a mbiri sagwirizana ngati New Deal ndiyo inathetsa nsautso. Ulova unachepadi, koma unakweranso mu 1937 ndi 1938, ndipo unatheratu pamene mafakitale anayamba kupanga zida za nkhondo, America nalowa nkhondo yachiwiri mu December 1941. Mphunzitsi asawauze ana yankho. Awagawe magulu awiri, lililonse linene mbali yake ndi umboni wa zaka ndi manambala, ndipo wonena zopanda umboni afunsidwe kumene wazitenga.

Mafunso

1. Kodi kuchotsedwa ntchito kwa munthu mmodzi kunachotsetsa bwanji anzake?
2. Bungwe la FDIC linachotsa mantha otani?
3. Ndani anapindula ndi lamulo la ulimi la 1933, nanga ndani anavutika nalo?
4. Boma likafuna kuthandiza osauka, liyenera kuyamba lafunsa yani?